Maginito a Amalume a Makwinja

Adzukulu atalowa m'chipinda kukakonza thupi la amalume, mmodzi anatulukamo msangamsanga nkhope itagwa. Anandikodola n'kunditengera kuseri kwa nyumba komwe kunalibe anthu. Anati pomwe amafuna kudula thalauza ya malemuwo, sizasi inamupulumuka m'manja n'kukamatirira pabondo. Anaikoka, koma ataiyandikitsanso inalumphira pomwepo. Bamboyu anali woti wakonza maliro osawerengeka muno m'Matawale, koma zoterezi anali asanazionepo.

"Mayi, tiuzeni zoona tisanapitirize. Akuluwa anali okhwima?"

"Ayi bambo, ndi maginito," ndinatero. "Pindani thalauzayo muona. Ndinasoka ndine."

Sabata ino chakwana chaka chichitikireni zimenezi. Abale ali kalikiliki kukamba za chiliza, koma ine tulo sindikuliona bwino, chifukwa pali zinthu zomwe ndinaziona ndi maso angawa n'kungozimeza. Ndine Esnati, telala wa pakhonde, mwana wa mlongo wawo. Ndikufuna ndilembe za amalume anga a Makwinja, amene anasamalira akavalo pamwamba pa phiri la Zomba kuyambira ine ndisanabadwe mpaka tsiku lomwe phirilo linawalavula.

Anali aatali, owonda, ndipo chipewa chaubweya sichinkachoka kumutu ngakhale mu Okutobala. Akatsikira m'tauni, mwina kamodzi pamwezi, fungo la kavalo linkafika pakhomo eni ake asanaodire. Akakupeza sankayamba n'kukuyang'ana kumaso, ankayamba ndi miyendo. Ankakuuza kuti uyende kuchoka pakhonde mpaka pampopi, iwo ataima chapatali mutu utapendekeka, kenako n'kukutchulira bondo kapena chiuno chomwe chikukuvuta, ngakhale iwe usanadandaule. Ankakonda kunena kuti pakamwa pamanama, nkhope nayo imanama, koma mwendo sudziwa bodza. Mwamuna wanga atabwera kudzandifunsira, amalume anamuyendetsa kawiri konse pabwalo asanamufunse n'komwe dzina la mudzi wake.

Akavalowo anali a adona ena, mzungu wobadwira konkuno, amene Chinyanja ankachilankhula ngati ife tomwe. Anali anayi basi, oyendetsa alendo m'tinjira ta m'mapaini, kupita ku mathithi, olimba mtima mpaka kukasuzumira m'dzenje la Chingwe. Mlendo ankakwera, amalume n'kumayenda pansi atagwira lamba wa kukamwa kwa kavalo, mtunda ndi chitsikwe, tsiku ndi tsiku. Ntchito yawo yonse inali miyendo.

Adona sanali munthu woipa, ndisawanamizire. Koma anali ndi malamulo awiri omwe sankabisa. Kavalo akafika poti ululu sukumuchoka, sankamusunga kuti azizunzika, ankaitana dokotala wa ziweto kudzamugoneka ndi jakisoni. Wantchito akayamba kulephera mtunda, ankamupatsa zake zopumira n'kukamutula kumudzi pagalimoto. Kwa adona chimenechi chinali chifundo. Kwa amalume malamulo awiriwa anali lamulo limodzi. Anakumbapo ndi manja awo manda a akavalo awiri kuseri kwa khola. Anaperekezaponso mnzawo wogwira naye ntchito, amene atafika kumudzi anangokhala pakhonde kuyang'ana phiri, n'kumwalira mvula isanagwe kawiri. Akazi awo a amalume anatsogola kalekale, ana analibe, munda anausiyira amayi anga. Kupatula kachipinda kawo ka pafupi ndi khola, analibe kwina koti n'kuloza kuti kwathu.

Mwa akavalo anayiwo, wapamtima anali Phulusa, wotuwa, wamkulu pa onse. Amalume anamulandira ndi manja awo tsiku lomwe anabadwa, ndipo ankamutchula kuti alamu. M'mawa ankamulonjera, kumudandaulira za kukwera mtengo kwa sopo, kumunena kuti ndi mlesi wodya zaulere, zonse mwachilamu. Nyamakazi inawagwira onse awiri pafupifupi nthawi imodzi. Chiperoni chikabwera, nkhungu itakuta khola moti chitseko osachiona uli pafupi pomwepo, Phulusa ankatuluka miyendo itauma gwa, akuponda ngati pansi pali minga. Amalume nawo ankadzuka mawondo atatupa, n'kudikira kaye kuti adona alowe m'nyumba asanadutse pabwalo. Tsiku lina anandiuza akuseka kuti iwo ndi alamu awo ali pa mpikisano wobisa matenda, ndipo amene ayambe kutsimphina pamaso pa adona ndi amene ayambe kuchoka. Ine sindinaseke.

Maginito anabwera ndi mlendo. Mayi wina wochokera kunja, atakwera Phulusa n'kumva mmene akupondera, anasiya malamba awiri ansalu omanga m'miyendo ya kavalo, mkati mwake muli tizitsulo tokoka. Anati kwawo ena amawagwiritsa ntchito, kaya amathandiza kaya ayi, angoyesa. Unali mwezi wa Seputembala. Chiperoni chinali chitatha, kunja kwayamba kufunda, ndiponso mwezi womwewo dokotala wa ziweto anali atayamba kupereka mankhwala aufa a m'timapaketi, kamodzi m'mawa uliwonse, kosakaniza ndi madeya. Phulusa anayamba kuyenda bwino. Dzuwa amalume sanaliwerengere, ufa anaunena ngati chinthu chongodutsa, ulemu wonse unapita kwa maginito.

Maganizo awo anali akuti nyamakazi ndi dzimbiri. Anamvapo kuchipatala kuti m'magazi muli chitsulo, ndiye anawerengera okha kuti chitsulo chikakhalitsa pamalo onyowa ngati paphiri chimachita dzimbiri n'kuunjikana molumikizana mafupa. Ukawatsutsa ankatenga maginito n'kuwakhwekhwereza mumchenga, kenako n'kukuonetsa tindevu takuda tomwe tamatirira. Pamenepo mlandu watha, ungonyamuka. Malamba a mlendo aja atang'ambika, anayamba kuzungulira kwa okonza mawailesi kumsika, kutola masipika akufa n'kugogodamo maginito ake ozungulira aja. Yosokerera inagwera ine. Ndinkadula nsalu ya jinzi zakale, kupanga timatumba n'kuikirira zingwe zomangira, anayi a kavalo, awiri a eni ake. Masiku amenewo mapini anga ankangosowa patebulo, ndikawafuna ndinkawapeza ataunjikana pa timatumbato.

Akulu a mpingo anawaitanapo atamva kuti munthu wa mgonero akuyenda ndi zithumwa m'mawondo. Amalume anamasula lamba mmodzi n'kumuika patebulo. Kiyi wa kabati ya tchalitchi, yemwe anali pambali, anasendera yekha n'kukamatirira, mkulu wina mpaka kudzuka pampando. Amalume anawafunsa modekha ngati Satana amakhala m'wailesi zomwe iwo amamvera nyimbo za kwaya. Nkhani inathera pomwepo, ngakhale ena sanawagwirenso chanza bwinobwino.

Mkangano womwe sindiuiwala anachita ndi Mayi Munthali, kasitomala wanga wophunzitsa sayansi ku koleji ya ku Chirunga. Anapezana pakhonde panga, mayiwo atabwera kudzayesa diresi, amalume atabwera kudzatenga malamba atsopano. Atamva za dzimbiri lija, Mayi Munthali sanaseke. Anapempha sosala, anatenga pini wanga n'kudzibaya pachala, dontho la magazi n'kugwera pasosalapo. Anayandikitsa maginito, kumanja, kumanzere, pansi. Dontholo silinagwedezeke.

"Mwaona, bambo?"

"Ndaona magazi akufa, mayi," anatero amalume. "Mwawatulutsa kwawo. Nsomba mwaiponya pamtunda, mukufuna isambire?"

"Chabwino. Nanga kavaloyo mumangomumanga zimenezi basi? Palibe china chomwe mumamupatsa?"

"Kamankhwala kaufa kalipo, koma n'kongothandizira."

"Ndiye tachitani chonchi. Sabata imodzi mumupatse ufa wokha, inayo maginito okha. Mudzandiuze."

"Alamu anga si mbewa ya kusukulu kwanu," anatero amalume, n'kutola malamba awo, osatsanzika.

Atachoka, Mayi Munthali anandiuza kuti iwo sadziwa umboni wogwira mtima woti maginito amachotsa nyamakazi, kaya mwa munthu kaya mwa nyama. Anati nsalu yofunda ndi kusisita kuja zikhoza kupeputsa pang'ono, ndipo munthu akakhulupirira chinthu ululu umatha kumveka wochepa. Kenako anawonjezera mawu omwe anandikhala mumtima: vuto lake n'lakuti kavalo sakhulupirira kanthu.

Chaka chotsatira chiperoni chinabwera ndi ukali, koma amalume anachita zodabwitsa. Munthu amene ankadzuka pampando mogwirira khoma anayamba kutsika phiri wapansi, kufika ku Matawale, kumwa tiyi, n'kubwereranso tsiku lomwelo. Anthu anaona ndi maso awo. Anayamba kubwera pakhonde panga, wina ndi sipika ya wailesi ya malemu amuna awo, wina ndi ya m'galimoto, kuti ndiwasokere ngati a akulu aja. Sindinakane, ndisaname. Mayi wina woyandikana nane, amene manja ake anapindika ndi nyamakazi, anasiya kupita kukatenga mapiritsi kuchipatala, akuti n'kuvutikiranji pamzere mankhwala ali m'wailesi.

Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Miyendo ya amalume inkathamanga, koma nkhope yawo inkatuwa mwezi ndi mwezi. M'zikhatho munayera. Akadya pang'ono ankagwira pamimba n'kuwerama, ukawafunsa ankati ndi njoka za m'mimba, amwa chithupsa cha masamba zitha. Anayamba kupempha mkaka, munthu woti moyo wake wonse ankati mkaka ndi wa makanda. Ndipo nthawi yomweyo Phulusa anayamba kubwerera m'mbuyo. Amalume ankati maginito ang'onoang'ono aja atopa, akufunika akuluakulu, a m'masipika oimbira paukwati. Ndinkasoka timatumba tokulirakulira, koma kavalo ankaumirabe.

Chinsinsi ndinachiona patatha chaka, m'mawa wina mu Juni. Ndinakwera phiri panjinga yamoto kukapereka malamba. Nkhungu inali yoti woyendetsa ankaliza belu pa khona iliyonse, ndipo anthu otsika ndi mitolo ya nkhuni ankangotulukira pamaso pathu mwadzidzidzi. Nditafika ndinaodira, koma sanandimve. Chitseko cha kachipinda kawo, chamalata, chinali chotsekula pang'ono. Ndinawaona atatenga kapaketi ka mankhwala a kavalo, akukagwedeza kuti ufa ufalikire, kenako kukapinda pakati penipeni mosamala. Theka anathira m'ndowa ya madeya. Theka linalo anathira m'kapu yawo ya tiyi, n'kutakasa ndi chala. Kapepala kopanda kanthuko anakapanikiza kuseri kwa chitseko ndi maginito, poti amalume sankataya kanthu.

"Amalume, amenewo si mankhwala a kavalo?"

Sanadzidzimuke. "Tseka chitsekocho, Esnati, mphepo."

"Mukumwa mankhwala a nyama, inuyo?"

"Nyamakazi ndi imodzi. Siyamba yafunsa kuti uli ndi miyendo ingati."

"Mwayamba liti zimenezi?"

"Chiperoni chathachi. Mapiritsi anga a kuchipatala anangosanduka madzi, iwe. Tsiku lina adona anaima pawindo ine ndili pakati pa bwalo, bondo lakana. Ndinanamizira kumanga nsapato. Mawa lake ndinalawa pang'ono."

"Nanga iyeyo? Mankhwala ake mukumuchepetsera?"

"Iye ali ndi maginito anayi, ine awiri okha. Amugwira amenewo. Tikugawana, ndi mmene chimakhalira chilamu." Anamwa tiyi yense n'kupukuta pakamwa. Kenako anandiyang'ana kumaso, chinthu chomwe sankachita kawirikawiri. "Ukakauza adona, udziwe kuti wandikwirira ndiwe."

Sindinauze munthu. Ndinatsika phiri, ndinakhala pamakina anga, ndinapitiriza kusoka. Mayi woyandikana nane uja anabwera kudzapempha lamba wachiwiri, ndinamusokera ndikudziwa kuti chomwe chikuyendetsa amalume si chimene chili m'kathumbako. Ndinkaopa kutsitsa munthu paphiri pake, ndinkaopanso kutchedwa mwana wopanda mwambo. Mantha awiriwa ndinawaika patsogolo pa moyo wawo, ndipo manyazi ake sanandichokebe mpaka lero.

Mu Julayi Phulusa anapunthwa ali ndi mlendo kumsana, powoloka kamtsinje, n'kugwada ndi miyendo yakutsogolo. Mlendo sanavulale, koma adona anaitana dokotala wa ziweto. Izi anandiuza amalume pafoni, mawu ali ozizira. Dokotalayo anawafunsa ngati akupereka ufa uja m'mawa uliwonse, paketi yathunthu, iwo anavomera. Ndiye dokotala anati ngati zili choncho ndiye kuti mankhwala asiya kugwira, palibenso china, kwatsala kumugoneka. Amalume anapempha sabata imodzi yokha kuti ayese maginito atsopano. Adona anavomera, osati pokhulupirira maginito, koma polemekeza zaka zawo. Anapangana Loweruka.

Njira zinali ziwiri, ndipo tonse tinkazidziwa. Akanena zoona, kavalo apulumuka, iwo atsika phiri. Akakhala chete, akhalabe paphiri, koma akumba manda achitatu kuseri kwa khola. Sabata imeneyo ndinagwira foni kangapo kuti ndiimbire adona, n'kuibwezanso m'thumba.

Loweruka ndinakwera m'mamawa. Ndinawapeza atakhala pandowa yovundikira pakhomo pa khola, thukuta lili kamukamu pamphumi kunja kukuzizira chonchija. Mawondo anali atatupa moti malamba anga ankachita kulowa m'mnofu. Kapu yawo inali yokoleka pamsomali, youma.

"Sabata yonse sindinalawe," anandinong'oneza. "Alamu akudya yonse."

Dokotala ankafuna kuona kavalo akuthamanga pang'onopang'ono pamalo olimba, kuchoka pakhola kukafika pageti n'kubwerera, munthu akuthamanga naye pambali atagwira lamba. Ndinawachonderera kuti wantchito wina achite zimenezo. Anapukusa mutu. Anati Phulusa sathamangira munthu wina, ndiponso adona afunsa chifukwa chake. Anagwira mzati n'kudzikoka mpaka kuima. Ndinamva mano awo akukukuta. Pomwe galimoto ya dokotala imalowa, anali ataima chilili, chipewa chili bwinobwino, ngati palibe kanthu.

Dokotala ananjuta pansi kuti aone ziboda, chikwama chake chili pambali. Tonse tinkadziwa chomwe chinali m'chikwamamo. Adona anaima manja ali m'matumba a jekete. Amalume analiza lilime, n'kunena chapansipansi kuti, "Tiyeni alamu, tisachite manyazi." Ananyamuka.

Ziboda zinkalira molingana pamiyala, osadumphitsa ngakhale kamodzi. Ine sindinkayang'ana kavalo, ndinkayang'ana miyendo ya amalume, monga anandiphunzitsira okha. Inkaponyedwa ngati si yawo. Anafika pageti, anakhota, nkhungu inawameza pang'ono n'kuwabweza. Dokotala anadzuka akugwedeza mutu, n'kunena kuti, "Koma uyu wasintha, si amene ndinamuona sabata yatha." Mawuwo asanathe, mwendo wakumanja wa amalume unapinda. Anagwa chafufumimba lamba ali m'manja. Phulusa anaima nthawi yomweyo n'kuweramitsa mutu pamwamba pawo.

Tinathamangira. Titawatembenuza anasanza zinthu zakuda ngati nsenga za khofi. Dokotala anayang'ana masanziwo, anayang'ana kavalo, n'kubwerera kwa munthu. Anawatsekula chikope ndi chala, mkati munali moyera mbuu.

"Bambo, mwakhala mukumwa chiyani?"

"Kavaloyo mwamuona?" anafunsa amalume. "Wayenda bwanji?"

"Wayenda bwino. Ndikufunsa za inu."

"Ndiye jakisoni wanuyo mubwerere naye. Maginito agwira."

Adona anayang'ana malamba anayi a m'miyendo ya Phulusa, ndipo ndinaona kuti ayamba kukhulupirira. Pamenepo ndinazindikira kuti ndikakhalanso chete, kuchipatala sakadziwa chowavuta amalume, ndipo kavalo akhoza kumuchotsera ufa n'kumusiyira zitsulo zanga. Pakamwa panga panatseguka pokha.

"Si maginito. Ndi ufa wa kavalo. Akhala akugawana chaka chonse, theka iwo, theka kavalo. Sabata inoyi ndi pomwe amupatsa wonse."

Dokotala anagwira kumutu. Anati mankhwala amenewo munthu amamudya m'mimba n'kumuumitsa magazi, tichite changu. Adona anagwada pamatope n'kuwagwira dzanja, misozi ikutsika, akungobwereza kuti amalume akanawauza, akanawauza. Amalume sanawayang'ane. Anayang'ana ine.

"Wandikwirira, Esnati."

Anatsika phiri atagona kumbuyo kwa galimoto ya adona, mutu uli pamiyendo panga, maso ali kunsonga za mapaini. Pa khona ina pomwe tauni yonse imaonekera pansi, anatembenuzira nkhope kumbali.

Kuchipatala anayesetsa. Anawaika magazi kangapo, koma thupi linali litasiya kupanga ake. Patatha masabata atatu anatiuza kuti tipite nawo kunyumba. Ndinawagoneka m'chipinda cha ana anga. Ankalandira phala m'manja mwanga koma osandilankhula, ndipo malamba a m'mawondo ankakana kuti ndiwakhudze. Masana ena, makina nditaimitsa kuti asawasokose, ndinamva akundiitana.

"Adona aimba?"

"Aimba dzulo."

"Alamu akudya yonse?"

"Yonse, amalume. Paketi yathunthu."

"Maginito akuwamanga bwino? Wakumanzere kumbuyo uja amafuna kumangitsa."

Ndikanatha kunama. Koma mabodza anali atanditopetsa, anga ndi awo omwe. "Anawavula tsiku lomwe lija. Dokotala anati awachotse."

"Nanga akuyenda bwanji?"

"Akuti akuyenda bwino. Dzana anafika mpaka ku mathithi."

Anatseka maso nthawi yaitali, mpaka ndinaganiza kuti agona. Kenako misozi inatsikira m'makutu.

"Ndiye kuti chaka chonse chija ndinkawabera alamu," anatero. "Ine n'kumati tikugawana."

Ndinawauza kuti anabweza, kuti sabata ija anabweza zonse. Anamwalira patatha masiku awiri, dzuwa lili paliwombo, malamba ali m'mawondo. Sindikudziwa ngati ankawakhulupirirabe kapena ankangoopa kuona mawondo awo opanda kanthu.

Pamaliro panali kukokanakokana. Ena ankati apite nawo maginito awo poti ankawakonda, a mpingo ankati Mkhristu salowa m'manda ndi zomangamanga. Ine ndinalowa m'chipinda adzukulu atawamasula, ndinawatenga n'kukawaponya m'chimbudzi. Mawa lake ndinapita kwa mayi woyandikana nane uja, ndinamufotokozera zonse, n'kumupempha kuti abwerere kuchipatala. Anandimvera mpaka kumapeto, kenako anati iye anawaona akuluwo akutsika phiri wapansi ndi maso ake, za ufazo akumva kwa ine. Ine ndinasiya kusoka malamba, koma ndamva kuti telala wina ku Chikanda akuwasoka, ndipo anthu akumamuuza kuti awapangire ngati a mkulu wa akavalo uja. Masipika akufa ayamba kusowa kumsika. Dzina la amalume likuyendabe m'tauni muno, likunena bodza lomwe eni ake analilira asanafe.

Dzana ndinakwera phiri koyamba chichokereni tsiku lija. Adona akalamba kwambiri chaka chimodzi chokhachi. Anandipatsa kiyi wa kachipinda ka amalume n'kunena kuti sanalole munthu kugonamo. Phulusa alipo. Ndinamupeza akudya udzu pafupi ndi geti, miyendo ili yopanda kanthu, nthiti zikuonekera pang'ono. Ananditukulira mutu, anandinunkhiza m'manja, n'kubwerera ku udzu wake. Kuseri kwa khola manda akadali awiri.

M'kachipinda kaja muli bedi lopanda mphasa ndi ndowa yovundikira. Kapu ikadali pamsomali, kangaude watchinga kukamwa kwake. Fungo la kavalo linatha, mwangotsala la chinyezi. Nditakankha chitseko kuti nditseke mphepo, ndinaona kuseri kwake. Maginito ali ndandanda kuchokera pamwamba mpaka pansi, amera ndevu za fumbi ndi dzimbiri, ndipo pansi pa lililonse pali kamtolo ka timapaketi topanda kanthu. Ndinasolola tingapo apa ndi apo. Kalikonse kali ndi mzera wopinda pakati penipeni, wowongoka ngati woyeza ndi tepi yanga.

Kamtolo komaliza, kapansi penipeni, n'kowonda. Ndinagwada n'kukatulutsa. Timapaketi tisanu ndi tiwiri, tosalala, topanda mzera. Ndinatibwezera pomwe ndinatipeza. Panja nkhungu inali itayamba kale kutsika m'mapaini, ndipo pomwe ndimakhoma chitseko, geti silinkaonekanso.